Kuphunzitsanso thupi pa matenda a Parkinson: njira zisanu zouzira wodwala mmene wachitira

Munthu amene ali ndi matenda a Parkinson akapemphedwa kuti akweze mawu, kawirikawiri amayankha kuti akulankhula mokweza kale, ndipo sakunama ayi. M'makutu mwake mawuwo akumveka monga ankamvekera kale, pamene amene wakhala naye pafupi akuchita kupendeketsa mutu kuti amve. Pa kayendedwe n'chimodzimodzi, chifukwa mwiniwake amamva ngati akutaya miyendo bwinobwino, koma woonera akuona mapazi akukhwekhwereza pansi ndiponso mkono umodzi uli lende osagwedera. Akagwira cholembera, zilembo zimayamba zazikulu kumayambiriro kwa mzere n'kumanka zichepa, mpaka kumapeto kwake zimakhala ngati nyerere zondondozana. Muyeso wa m'kati mwa thupi, umene umauza munthu kuti apa wakwanitsa, apa waperewera, ndi umene wasokonekera, ndipo n'chifukwa chake wodwala amafunika munthu kapena chinthu chakunja chomuuza mmene wachitira. Kuuzidwa kumeneku ndikukutcha ndemanga m'nkhani ino, kaya kuchokere pakamwa pa munthu, pa galasi kapena pa foni.

Banja limene lauzidwa kuti wodwala wawo ayambe mafizo limapeza njira zingapo patsogolo pake, ndipo ogulitsa zipangizo salephera kutamanda malonda awo. Ine ndikuona kuti pa matenda amenewa nthawi imene ndemanga yafikira, mtundu wake, ndiponso mmene imachepetsedwera pang'onopang'ono, n'zofunika kuposa kudula kwa chipangizo chimene chaibweretsa.

Chifukwa chake ndemanga imagwira ntchito mosiyana pa matendawa

James Parkinson, dokotala wa ku London, anafotokoza matendawa mu 1817, ndipo bungwe la WHO likuti mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali nawo. Mavuto ambiri a kayendedwe amabwera chifukwa cha kufa pang'onopang'ono kwa maselo opanga dopamine, mankhwala achilengedwe otumizira mauthenga mu ubongo, m'kachigawo ka ubongo kotchedwa substantia nigra, amene amatumiza dopamine yawo ku chigawo china chotchedwa striatum. Dopamine imadziwika kwambiri ngati chinthu chothandiza thupi kuyenda, komatu ilinso ndi ntchito ya uphunzitsi. M'zaka za m'ma 1990 Wolfram Schultz ndi anzake, poyeza maselo a mu ubongo wa anyani, anaona kuti maselowa amadzambatuka pamene zotsatira zaposa zimene nyama imayembekezera, ndipo amangoti zii kwa kanthawi pamene zotsatira zaperewera. Kukwera ndi kutsika kumeneku ndi kumene kumasindikiza mu ubongo kuti ichi uchitenso, icho usabwereze. Maselowo akamatha, uthenga umenewu umafooka, ndipo kuphunzira kwa "yesa, ulakwe, ukonze" kumavuta.

Mu 1996 Barbara Knowlton, Jennifer Mangels ndi Larry Squire anapatsa anthu makadi oti aziloserapo ngati kugwa mvula kapena kuwala dzuwa, n'kumawauza pomwepo ngati alondola. Odwala Parkinson anavutika kugwira phunzirolo ngakhale ankakumbukira bwino zimene zinachitika pa mayesowo, pamene anthu oiwalaiwala chifukwa cha kuwonongeka kwa chigawo cha ubongo chokumbukira zochitika anaphunzira bwino, chonsecho mayesowo osawakumbukira. Mu 2004 Daphna Shohamy ndi anzake anapeza kuti odwala amtundu womwewo akangoonetsedwa yankho lolondola, osawauza kuti alosere kenako n'kuwakonza, amaphunzira mofanana ndi anthu athanzi. Kenako mu 2011 Karin Foerde ndi Shohamy, pa yunivesite ya Columbia, anapeza chinthu chimene chinadabwitsa ambiri: ndemanga ikabwera patangotha sekondi imodzi odwala ankavutika, koma ikachedwa ndi masekondi angapo ankaphunzira bwinobwino, chifukwa pa nthawiyo ntchito inkagwera chigawo china cha ubongo, hippocampus, chimene matendawa sachiwononga msanga.

Mankhwala nawo amapendeketsa muyeso. Michael Frank ndi anzake anaonetsa mu 2004 kuti wodwala amene mankhwala atha mphamvu m'thupi amaphunzira bwino popewa chimene chamulakwitsa, pamene amene wamwa mankhwala owonjezera dopamine amaphunzira bwino kuchokera pa chimene chamuyendera, koma cholakwa sichimukhudza kwenikweni. Mafizo ambiri amachitika mankhwala akugwira ntchito, choncho kunena kuti "pamenepo mwachita bwino, bwerezani chomwecho" kumalowa kuposa kuwerengetsera zolakwa.

Mayeso onsewa anachitikira pa kompyuta, munthu atakhala pampando, ndipo kulosera makadi n'kosiyana ndi kudzuka pabedi kapena kutembenuka pakhomo lothina. Komabe amatipatsa mafunso oyenera kufunsa njira iliyonse.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa kawirikawiri. Chitsogozo chimabwera munthu asanasunthe, kumuuza nthawi kapena malo oti apondepo, monga kugunda kwa ng'oma kapena mzere wojambulidwa pansi. Ndemanga imabwera atasuntha kale, kumuuza mmene zayendera. Zonse ndi zothandiza, koma chitsogozo chimanyamula munthu pa nthawi imene chilipo, pamene ndemanga cholinga chake n'chakuti munthuyo adzathe yekha.

Chachiwiri, kuchita bwino lero si umboni wa kuphunzira. Akatswiri a kaphunziridwe ka thupi akhala akuchenjeza kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti ndemanga yoperekedwa pa kusuntha kulikonse imachititsa munthu kuoneka katswiri pa nthawi yophunzira, koma imamuzoloweza kudalira, moti ikachotsedwa amabwerera mmbuyo. Pa Parkinson nkhaniyi ndi yovutirapo, popeza muyeso wa m'kati ndi wofooka kale. Kafukufuku wina anapeza kuti odwala amasunga bwino luso akapatsidwa ndemanga mwa apo ndi apo, pamene wina anapeza kuti amafuna ndemanga yochuluka kuposa anthu athanzi. Choncho muyeso woona wa njira iliyonse ndi uwu: mawa m'mawa, katswiri kulibe, foni yazima, wodwala ali m'chipinda china, n'chiyani chatsala?

Pamwamba pa funso limenelo, njira iliyonse ndiyiyeza pa zinthu zinayi, zomwe ndi mtengo wake wa ndalama ndi nthawi, kupezeka kwake, zimene zimafunika kuti ipitirire kwa zaka pamene matenda akunka nakula, ndi chiopsezo chake. Chiopsezo chachikulu pa zonse ndi kugwa, pakuti odwala Parkinson oposa theka amagwa kamodzi kapena kuposa pa chaka.

Njira yoyamba: katswiri wa mafizo kapena wa kalankhulidwe, maso ndi maso

Katswiri wabwino amachita zimene chipangizo sichingathe. Amaona kuti lero wodwala watopa, amadziwa pamene ayenera kukhala chete, ndipo amasankha cholakwa chimodzi pa zisanu chimene chikakonzedwa zinazo zitsatira. Chitsanzo chodziwika ndi LSVT LOUD, njira yophunzitsa mawu imene Lorraine Ramig anayambitsa ku America m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi inzake ya thupi lonse yotchedwa LSVT BIG. Nzeru yake ndi yosavuta kumva: wodwala amapatsidwa lamulo limodzi lokha, "mokweza" kapena "mokulitsa", ndipo katswiri amachita poyamba kuti wodwala atsanzire, m'malo mofotokoza zambirimbiri. Ntchito yaikulu imakhala yokonza muyeso, kuti wodwala avomereze kuti mawu amene iye akumva ngati akukuwa ndi amene ena akumva ngati kulankhula wamba. Mu 2024 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa PD COMM, wa anthu 388, anapeza kuti LSVT LOUD inachepetsa vuto la mawu kuposa chithandizo cha masiku onse ndiponso kuposa kusalandira chithandizo.

Mtengo: Iyi ndi njira yodula kwambiri pa ola limodzi. Dongosolo la LSVT limafuna maulendo 16 a ola limodzi, anayi pa sabata kwa masabata anayi, kuwonjezera pa ntchito yakunyumba tsiku lililonse, ndipo pa ndalama ya katswiri muyenera kuphatikizapo ya mayendedwe ndi masiku a ntchito amene woperekeza wataya.

Kupezeka: Akatswiri a mafizo ndi ochepa m'mayiko ambiri, odziwa bwino Parkinson ndi ochepa koposa, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu. Ena amaphunzitsa kudzera pa vidiyo ya pa intaneti, zimene zimayenda bwino pa mawu kusiyana ndi pa kuyenda, chifukwa pa foni palibe dzanja logwira munthu akapepesuka.

Kupitiriza: Mwezi wa maphunziro ukatha, luso limayamba kusuluka ngati ntchito yakunyumba yalekeka, ndipo matenda akamakula pamafunika kubwereranso kukakonzetsa muyeso.

Chiopsezo: Mawu amatha kusasa chifukwa chokakamiza, ndipo thupi limatopa. Koma choopsa chimene sichionekera msanga ndi luso lomangirizika pa katswiriyo ndi pa chipinda chake. Wodwala amayenda mokongola m'chipatala, n'kukafika pakhomo la kwawo mapazi n'kumatirira pansi ngati kale. Mufunseni katswiri tsiku loyamba kuti ndemanga zake adzazichepetsa motani, ndiponso ngati maphunziro ena angachitikire pamalo pamene vuto limachitikira.

Njira yachiwiri: wachibale kapena wosamalira wophunzitsidwa

Njira imeneyi ndi imene mabanja ambiri amagwiritsa ntchito ngakhale asanaisankhe, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ubwino wake ndi kuipa kwake zonse ndi zazikulu. Taganizirani bambo amene waima pakhomo la chipinda, mawondo akunjenjemera koma mapazi osachoka pansi. Mkazi wake, mwa chikondi chenicheni, akuti, "Tiyeni bambo, nyamulani mwendo, weramukani, musayang'ane pansi, fulumirani." Malamulo anayi m'mpweya umodzi, kwa munthu amene ubongo wake ukuvutika kale kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, amangowonjezera kumatirirako, ndipo kumukoka dzanja kumamugwetsera kutsogolo. Mayi yemweyo ataphunzitsidwa amaima pambali, n'kunena modekha kuti, "Imani kaye. Tsamirani kumanja. Phazi lalikulu." Akadutsa pakhomopo amawasiya apume, kenako amawafunsa kuti, "Mwaona bwanji ulendo uno?" asananene maganizo ake. Kudikira pang'onoko ndi kufunsa kuja kumapatsa wodwala mpata woyesa muyeso wake n'kuufananiza ndi wa woonera, ndipo kumagwirizana ndi zimene zinapezeka pa ndemanga yochedwa.

Pali zina ziwiri zimene wosamalira angatengere ku kafukufuku. Gabriele Wulf ndi anzake anaonetsa mu 2009 kuti odwala ataima pa chimbale cha labala chopopedwa ankagwedera pang'ono akauzidwa kuika maganizo pa chimbalecho kusiyana ndi pa mapazi awo. Choncho "fikani pa mzere uwo" ndi mawu abwino kuposa "tambasulani bondo". Ndipo Suzete Chiviacowsky wa ku Brazil ndi anzake anapeza mu 2012 kuti odwala amene ankasankha okha nthawi yogwiritsa ntchito ndodo yothandizira pophunzira kuima mosagwedera anasunga luso bwino kuposa amene ankasankhiridwa. Kulola wodwala kupempha ndemanga pamene akuifuna kumamusungiranso ulemu wake.

Mtengo: Ndalama yake ndi yochepa, ya maulendo awiri kapena atatu okaphunzira kwa katswiri, koma mtengo weniweni umalipidwa ndi mphamvu ndi tulo ta wosamalirayo.

Kupezeka: Palibe njira ina imene imapezeka pakati pa usiku, m'bafa, kapena pa nthawi yodzuka pampando wakuya.

Kupitiriza: Mawu ogwiritsa ntchito agwirizanidwe ndipo onse a m'nyumba azinena ofanana. Pakhalenso nthawi yoikika ya maphunziro, mphindi zochepa mankhwala atayamba kugwira ntchito, kuti tsiku lonse lisasanduke kalasi.

Chiopsezo: Ndemanga ya wachibale imasanduka kulongolola mosavuta, ndipo mkazi kapena mwana amene wakhala mlonda wa zolakwa amataya malo ake monga mkazi kapena mwana. Kukhumudwa ndi mphwayi ndi mbali ya matendawa, si ulesi ayi, ndipo nkhope yosasintha ya wodwala imanamiza wosamalira kuti mawu ake sanalowe kapena sanapweteke. Wachibale amazoloweranso mawu otsika ndi mapazi aafupi mpaka iyenso muyeso wake umatsika osadziwa.

Njira yachitatu: galasi ndi vidiyo

Galasi limapereka ndemanga ya pomwepo, ndipo ndi lothandiza pa zinthu zochitika munthu ataima kapena atakhala, monga kuwongola msana ndi kutsegula pakamwa polankhula. Vidiyo ya pafoni ndi yamphamvu koposa, chifukwa imabwera ntchito itatha, munthu atakhala phee, ndipo imathetsa mkangano wa "ndikuyenda bwino" popanda wina kuoneka wotsutsa. Kujambula mawu n'kuwamvetsera pambuyo pake kumachita chimodzimodzi. Vidiyo imatsegulanso khomo la kuphunzira poonera. Elisa Pelosin ndi anzake a ku Genoa anapeza mu 2010 kuti odwala amene ankaonera mavidiyo a njira zodutsira pamalo omatiritsa mapazi asanayeseze okha anachepetsa vutolo kuposa amene ankangoyeseza.

Mtengo ndi kupezeka: Zonse ndi zopepuka kwa amene ali ndi foni yojambula ndi munthu womugwirira.

Kupitiriza: Jambulani pamalo amodzimodzi, pa nthawi yofanana kuchokera pomwa mankhwala, apo ayi mudzafananiza mphamvu ya mankhwala m'malo mwa luso. Kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Chiopsezo: Kudziona koyamba kumapweteka. Munthu amene sankadziwa kuti wawerama chotero angathe kutaya mtima, choncho ndi bwino kumuonetsa ulendo umene wayenda bwino pambali pa umene wavutika. Kuyenda maso ali pa galasi kumagawa maganizo ndipo kungagwetse munthu. Vidiyo imaonetsa cholakwa koma siinena chochita nacho, ndiye imafuna wina wodziwa kuimasulira.

Njira yachinayi: kugunda kwa nyimbo ndi mizere ya pansi

Izi ndi zitsogozo osati ndemanga yeniyeni, koma sizingasiyidwe chifukwa zimachita zooneka ngati zozizwitsa. Munthu wolephera kuyamba kuyenda amadumpha mizere yoyalidwa mopingasa pansi, chinthu chimene dokotala James Purdon Martin analemba mu 1967, ndipo ambiri amakwera masitepe mosavuta kuposa kuyenda pamalo osalala. Michael Thaut ndi anzake anaonetsa mu 1996 kuti masabata atatu oyenda motsatira kugunda kwa nyimbo anawonjezera liwiro ndi kutalika kwa mapazi. Chitsogozo chimalambalala njira yowonongeka ya mu ubongo imene imayendetsa thupi popanda kuganizira, n'kudzera m'njira ya maso, makutu ndi chidwi. Mulinso kandemanga pang'ono mmenemo, popeza phazi likaperewera pa mzere mwiniwake amaona yekha.

Kafukufuku wamkulu pa njirayi ndi RESCUE wa mu 2007, wa odwala 153 ku Britain, Belgium ndi Netherlands, amene anaphunzitsidwa kunyumba kwa masabata atatu. Kayendedwe kanasintha pang'ono ndipo kumatirira kunachepa mwa amene anali nako, koma patapita masabata asanu ndi limodzi osaphunzira, phindu lambiri linali litasuluka. Apa mpamene pali phunziro lonse la njirayi: ili ngati magalasi a maso, imathandiza pamene yavalidwa.

Mtengo: Tepi yomata pansi ndi pulogalamu ya pafoni yogunda motsatana pa liwiro losasintha (metronome) ndi zotsika mtengo kwambiri. Ndodo kapena choyendera chowalitsa mzere wa laser pansi ndi zodulirapo.

Kupezeka: Zotsika mtengozo zimapezeka paliponse, ndipo wodwala angathenso kudziwerengera kapena kudziyimbira chamumtima. Pepala la mizere yotalikirana limagwira ntchito yomweyo pa zilembo zochepa.

Kupitiriza: Tepi imamatuka, ubongo umazolowera chitsogozo chimodzi mpaka kusiya kuchimva, ndipo liwiro la kugunda liyenera kusinthidwa matenda akamasintha.

Chiopsezo: Liwiro lolakwika ndi loopsa. Kawirikawiri akatswiri amayambira pa liwiro limene munthu amayendera kale, ndipo kwa amene mapazi amamatirira kugunda kofulumira kumafupikitsa mapazi n'kuyambitsa kumatirira komweko. Mahedifoni m'makutu onse awiri pamsewu amabisa phokoso la galimoto, mzere wa laser suoneka bwino padzuwa, ndipo munthu amene wayamba kuyenda mofulumira asanalimbe poima amakumana ndi mipata yambiri yogwera.

Njira yachisanu: zipangizo zovala, mapulogalamu ndi treadmill ya skrini

Pano pali tizipangizo tomangirira pa nsapato kapena m'chiuno timene timayeza kayendedwe n'kulankhula kudzera pa foni, kuyamikira mapazi akakhala bwino ndi kuchenjeza akayamba kufupika. Ubwino wa zina mwa izo ndi wakuti zimakhala chete mpaka munthu atapatuka pa muyeso wake, zimene zimachepetsa kudalira. Palinso makina oyendapo a treadmill okhala ndi skrini yoonetsa mapazi a munthu pakati pa zopinga zoti adumphe. Kafukufuku wa V-TIME, amene Anat Mirelman wa ku Tel Aviv ndi anzake anafalitsa mu 2016, anatenga achikulire pafupifupi 300 ogwaigwa, ena mwa iwo odwala Parkinson, n'kuwaphunzitsa katatu pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi. M'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira, amene anagwiritsa ntchito treadmill ya skrini anagwa mocheperapo ndi 42 peresenti poyerekeza ndi a treadmill yokha. Umboni umenewu ndi wa makina a m'chipatala, wodwala atamangidwa malamba omuteteza ndiponso katswiri ali pambali, ndipo sungasamutsidwire pa masewera alionse ogulitsidwa m'sitolo.

Mtengo: Ndi wokwera pogula, ndipo mapulogalamu ena amalipiritsa mwezi ndi mwezi.

Kupezeka: Makina aakulu ali m'zipatala zochepa. Zipangizo zovala zimafuna foni yamakono, magetsi odalirika, nthawi zina intaneti, komanso zambiri zimalankhula zilankhulo zochepa chabe.

Kupitiriza: Kutchaja tsiku lililonse, kumangirira tizipangizo ndi zala zonjenjemera, ndi kudina timabatani ting'onoting'ono, ndi ntchito imene imagwera wosamalira. Kampani ikatseka kapena ikasiya kukonza pulogalamu, chipangizo chimasanduka chidole.

Chiopsezo: Chipangizo chopangidwira anthu athanzi chimawerenga molakwa mapazi okhwekhwereza ndipo chimasokonezedwa ndi kunjenjemera, ndiye ndemanga yabodza ndi yoipa kuposa kusakhala nayo. Ndemanga zambiri za m'masewera ndi za pomwepo ndiponso zothamanga, mtundu womwe uja umene ubongo wa wodwala umavutika nawo. Kwa amene amaona zinthu zimene palibe, magalasi otsekera maso m'dziko la kompyuta si abwino. Ndipo kwa amene akumwa mankhwala monga pramipexole kapena ropinirole pafunika tcheru ndi masewera a mapointi ndi mphoto, popeza kafukufuku wa mu 2010 wa odwala oposa 3,000 ku America ndi Canada anapeza kuti pafupifupi 17 pa 100 alionse omwa mankhwala amtunduwu anali ndi vuto lolephera kudziletsa pa juga, kugula zinthu, kudya kapena kugonana, poyerekeza ndi pafupifupi 7 pa 100 mwa osamwa. Vuto lotere likaoneka, dokotala auzidwe msanga, koma mankhwala asasiyidwe mwadzidzidzi.

Njira iti kwa ndani

Amene wangopezeka kumene ndi matendawa, akuyenda yekha ndipo maganizo ake ali bwino, ndi amene angapindule kwambiri ndi ndemanga yeniyeni, chifukwa akadali ndi mphamvu yosunga luso. Ngati ndalama ilipo yokwanira chinthu chimodzi, aiike pa maphunziro a katswiri, kenako asunge lusolo ndi vidiyo ya sabata ndi sabata. Chipangizo chovala chingabwere pambuyo ngati amakonda kuyenda maulendo ataliatali yekha, pamene mapazi amayamba kufupika iye osazindikira.

Amene vuto lake lalikulu ndi mawu otsika afune katswiri wa kalankhulidwe, ngakhale wa pa intaneti, ndipo a m'nyumba agwirizane chizindikiro chimodzi cha dzanja chotanthauza "kwezani", kuti asamamudule mawu ndi "mwati bwanji?" nthawi iliyonse.

Amene mapazi amamatirira pakhomo, potembenuka kapena poyamba kuyenda asataye nthawi kufuna kuyenda popanda chitsogozo. Mizere imatidwe pamalo amene vuto limachitikira, liwiro la kugunda likhazikitsidwe ndi katswiri, ndipo wosamalira aphunzire mawu awiri kapena atatu oti anene ndi nthawi yoti akhale chete. Amene wagwa kale kangapo ayambe waonedwa ndi dokotala, pakuti kutsika kwa kuthamanga kwa magazi (BP) poimirira ndi nthawi ya mankhwala zimagwetsanso, ndipo ngati treadmill ya skrini ilipo pafupi ndiponso ili m'manja mwa katswiri, iyeyu ndiye woyenera kuilipirira.

Amene ali kutali ndi akatswiri aphatikize njira yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi, ndipo ulendo umodzi umene angakwanitse wopita kwa katswiri apite ndi wosamalira pamodzi ndi mavidiyo a kunyumba, kuti malangizo adzagwirizane ndi khomo, mpando ndi bedi zenizeni.

Amene kukumbukira ndi kuganiza kwayamba kufooka safunikanso kuyesedwa ndi kukonzedwa. Kwa iyeyu ndemanga yochedwa imataya mphamvu, popeza podzafika ndemangayo wayiwala kale chimene anachita, ndipo zipangizo zolankhula zimangomusokoneza. Muonetseni kachitidwe koyenera, chitani naye limodzi, konzani malo kuti cholakwa chisachitike n'komwe, ndipo chitsogozo chikhalepo nthawi zonse popanda cholinga chodzachichotsa. Ngati wosamalira ali yekha ndipo watopa, wachibale wachiwiri aphunzitsidwe mawu omwewo asanaganize zogula chipangizo chilichonse.